Damu la Alendo

Chotsa mbale iyo, Tamala. Ayi, sindikudwala, ndipo usathamangire kukauza amako kuti agogo akana chakudya, angabwere kuno nkhope itagwa kale. Wakazinga bwino, fungo ndinalimva ukadali kukhitchini. Koma makumba a m'damu ine sindidya. Mwakhala mukunong'onezana kuseri kwa nkhokwe kuti nkhalamba yayamba matama. Ndimakumvani, makutuwa anangomera ubweya koma sanafe. Lero ndikuuzani chifukwa chake. Undipatse nandolo yemwe uja wa dzulo. Iwe Limbani, ika foni m'thumba. Njinga yako ya kabaza siithawa, ndipo anthu a pa Songani ayende wapansi lero, miyendo anabadwa nayo. Khalani apa pamthunzi, manja azisenda chinangwa, makutu ali kwa ine, chifukwa kumapeto kwake ndili ndi ntchito yoti ndikutumeni.

Muyambe mwadziwa kuti ine pano si kwathu. Eni mudzi ndinu, dothi la kwa Malemia kuno ndi la amanu ndi la agogo anu aakazi. Ine ndinabwera ndi nkhwangwa ndi bulangete, mkamwini. Kwathu ndi kuseri kwa Naisi, komwe makolo athu anafikira atachoka ku Mozambiki wapansi, mbewu ya kalongonda ataimanga m'kansalu. Kalongondayo inu mukamuona mumakwinya mphuno, mukuti amachedwa kupsa. Amachedwadi, umamuphika tsiku lonse, kutaya madzi kangapo kuti asakuledzeretse, koma ndi amene anatilera ife. Inu mumafuna chakudya choti chipse musanamalize kusamba m'manja.

Ntchito yanga inali nsomba, ndiye musaganize kuti ndinabadwa ndikudana nazo. Ndinkapalasa njinga kupita ku Chilwa, dengu lalikulu kumbuyo lomanga ndi malegeni. Njira yake inali ya mchenga, pena kukwera pena kukankha, ndipo tayala likaphulika tinkalipakira udzu n'kumapita. Pobwerako dengu lili tho ndi matemba ouma ndi milamba yowamba, fungo patsogolo ine pambuyo, moti agalu a m'midzi yonse ya m'njira ankandidziwa. Ndinkagulitsa pa Songani, nthawi imeneyo pali timashedi ta udzu ndi mitengo ya mango, phokoso la maminibasi lisanabwere.

Agogo anu aakazi, Edesi, ndinawapeza pamtsinje wa Domasi. Mtsinje uja ndi wachinyengo. Kuno dzuwa limatha kukhala likuswa mtengo, koma mvula itagwa kuphiri, madzi n'kungotulukira ofiira, atanyamula nthambi ndi zinyalala. Tsiku limenelo ndinapeza mtsikana ataima padooko, lichero la tomato pamutu. Anzake onse anali atawoloka, akumuseka tsidya linalo, poti madziwo anali a m'chiuno basi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ali mwana anaona mchimwene wake wamng'ono akukokoloka pamalo omwewo, ndipo anakam'peza mawa lake m'bango.

Ndinati, "Achemwali, mukudikira kuti aphwe? Mugona pano."

Iwo anati, "Ndigona."

Ndinawolotsa kaye njinga, n'kubwerera. Tsono pali lamulo lowolokera mtsinje wodzaza, limene inu ana a milatho simulidziwa. Wamphamvu amaima kumtunda, komwe madzi akuchokera, wofookayo kumunsi kwake, mapewa ogundana. Madzi amayamba amenya iwe, ukali wake n'kuthera pa iwe, mnzakoyo amangolandira otsala. Ukalakwitsa n'kumuika mnzako kumtunda, madzi amamugwetsera pa iwe, nonse mwapita. Ndinaima kumtunda. Tili pakati anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa, akuti, "Musanditaye, achimwene, musanditaye." Ine ndinati, "Pondani pomwe ndaponda." Tomato anapita yense ndi lichero lomwe, koma ine ndinapeza banja.

Ukuseka chiyani, Limbani? Wako unam'peza pa foni, sukudziwa n'komwe ngati amatha kusenza ndowa.

Kuyambira tsiku limenelo agogo anu sanawolokepo madzi okha. Popita kuchigayo cha tsidya lija, ine kumtunda. Ali ndi pakati pa amanu, a Lusiya, popita kusikelo, ine kumtunda. Ngakhale ataika mlatho, ankayenda pakatikati peniipeni, dzanja atagwira malaya anga kumbuyo, anthu n'kumandinena kuti a Mulipa mkazi anawadyetsa mankhwala. Anene. Mkazi uja ankapha njoka ndi mpini, ankazazira mwamuna aliyense m'mudzi muno mpaka kukhala chete, koma madzi oyenda ankamusandutsa kamwana.

Kale nsomba zinkabwera zokha. Mvula yoyamba ikagwa, kamtsinje kathu aka kakadzaza, matemba ankakwera kuchokera ku Chilwa, gulu lakuda bii m'madzi. Amuna tinkatchera miono, amayi ankakokera ndi zitenje zakale, ana ndi manja omwe. Edesi yekha ankakhala pamtunda, nsalu youma, akulamulira anzake ngati kapitawo, ndipo ntchito yake inali kuyanika. Matemba aawisi ophika ndi mchere ndi kambuzi, ana inu, simunalawe kanthu. Panalibe kalabu, panalibe tcheyamani, panalibe woti ayambe walankhula pa chimkuzamawu. Wamasiye ankadya, mlesi ankadya.

Madamu oyamba anabwera nyanja itaphwa chaka china, nsomba zitasowa, ine njinga nditaikoleka. Alangizi anatisonyeza malo kumunsi kwa dambo, pa makande akuda aja ogwira khasu. Tinakumba ndi manja, amuna makasu, amayi mabeseni pamutu. Tikatha kukumba tinkalowamo mudzi wonse kupondaponda dongo ndi mapazi, nyimbo ili pakamwa, kenaka amayi n'kuzira m'mbali monga azirira nyumba. Damu lopondedwa chotero limasunga madzi ngati mtsuko. Edesi anasenza nawo dothi mpaka khosi kuuma, koma tsiku lolowetsa madzi anakaima patali pachulu. Tinkaponyamo madeya, masamba a mbatata, zitosi za nkhuku, n'kumalimbana ndi akatumbu ndi akakowa. Madamu amenewo ndilibe nawo mlandu. Amanu anakula ndi makumba a m'menemo, ndipo masaya akowa, Tamala, si a mphepo.

Agogo anu anamwalira m'chilimwe, mango asanapse. Chifuwa chinawagwira, sichinachedwe nawo. Tinakawaika kumanda akale aja a pansi pa mibawa, komwe kuli amayi awo ndi agogo awo. Pansi panali gwa, anyamata okumba anachita kubwereka piki, fumbi lofiira lili kobo mpaka m'mano. Ine pa zonse za tsikulo ndimakumbukira fumbilo. Ndikuponya dothi langa ndinati mumtima, zikomo Ambuye, mai a Lusiya agona pouma.

Mwambo wake mukuudziwa. Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa, amatenga nkhwangwa yake n'kubwerera kwawo, ndipo akadzafa amakagona kwa amayi ake. Ine ndinali nditamanga kale kamtolo kanga. Koma alamu anga a Dizimasi, mchimwene wawo wa Edesi, amene ali mwini mbumba yanu, anaimirira pamaso pa anthu nati, "Alamu, inu mupita kuti? Mlongo wanga mwamuwolotsa moyo wake wonse. Nyumba iyi ndi yanu, ndipo tsiku lanu likadzafika mudzagona pambali pake." Zimenezo sizichitikachitika, ana inu. Ndinalira ngati mwana, osachita manyazi. Ananditengera kumanda n'kundilozera malo, ine n'kudzalapo nkhadze kuti aliyense adziwe kuti pali mwini wake. Mawu amenewo ndi amene ndakhala ndikutsamira zaka zonsezi.

Kenaka kunabwera chisankho, ndipo kunabwera bwana wina wofuna uphungu. Dzina lake sinditchula, m'kamwa ndatsuka kale. Anamva kuti kwa Malemia kuli madamu, ndipo anzake a kutauni okhala ndi thandizo amakonda nkhani za nsomba. Anafika ndi magalimoto, zitenje za chipani, nyimbo. Anapita kukaona madamu athu kumunsi kuja, nsapato zake n'kulowa m'matope, nkhope n'kusintha. Pobwerera anaima pamtunda paja pafupi ndi msewu, chakumtunda kwa manda, nati akumba damu lalikulu pamenepo, loti m'boma lonse lino mulibe.

Alangizi a nthawi imeneyo anali mayi wachitsikana, wophunzira bwino, waulemu. Anafukula dothi ndi dzanja, kulinyowetsa, kuliumba, ilo n'kumangoyoyoka. Anati, "Bwana, pano pansi pake ndi mchenga, madzi sakhala. Komanso kumunsiku kuli manda. Bwanji tiwonjezere kudambo komwe kuja?"

Bwana anaseka nati, "Mayi, damu la kuseri alione ndani? Mlendo wanga achite kuvula nsapato?"

Anthu anaseka nawo, poti bwana akaseka kumakhala kuseka. Alamu anga anali atavekedwa kale chipewa cha chipani ndi utcheyamani wa kalabu yatsopano, ndipo anavomera malowo. Ine ndinakweza dzanja. Ndisanamalize n'komwe, munthu wina kumbuyo anati, "Mkamwini asamakule mwendo." Ndinatsitsa dzanja langa. Mayi uja sipanapite nthawi anamusamutsa, akuti ankalowetsa ndale pa chitukuko.

Linakumbidwa ndi katapila. Ana a sukulu anathawa m'makalasi kudzaonerera, iwenso Limbani unali pomwepo, kamphuno kali mamina. Chimene mudzi unkakumba mwezi wathunthu, chija chinakumba tisanathe kudabwa. Chinapyola kadongo kapamwamba n'kufika pamchenga woyera. Panalibe wopondaponda, panalibe wozira, bwana anali pachangu poti tsiku lotsegulira linali litalengezedwa kale. Anatseka kamtsinje kathu ndi matumba a mchenga, n'kukumba ngalande yopatutsira madzi m'damumo.

Tsiku lotsegulira, ana inu, ndinaona zimene sindinaonepo mu ntchito yonse ya nsomba. M'damu latsopano munalibe kanthu, ngakhale mbululu. Ndiye m'mawa mwake anyamata anatumidwa kumadamu athu akale kukakokola makumba akuluakulu, kuwanyamula m'ndowa kukwera nawo mtunda, n'kukawathira m'damu la bwana. Alendo atafika anaponya khoka, nsomba zili phiriphiri, makamera ali ng'aning'ani, amayi nthungululu. Mzungu wina mpaka anapukuta misozi. Magalimoto atangokhota, nsomba zinabwezedwa m'ndowa kutsika mtunda, zina zitayang'ana kale mimba kumwamba. Kuyambira pamenepo timalitcha damu la alendo. Mpaka lero ntchito yake ndi yomweyo. Nsomba zake zimakwera m'mawa n'kutsika madzulo, ngati ana a sukulu.

Damulo limamwa madzi ngati chidakwa. Ukatseka ngalande lero, mkucha upeza matope. Ndiye ngalande sitsekedwa, dzinja ndi chilimwe, poti mlendo sapangana tsiku, ndipo asapeze damu louma chikwangwani cha bwana chili pompo. Kamtsinje kumunsi kwa matumba aja kanasanduka kanjira ka mbuzi. Madimba a anthu a kumunsi anauma, mpiru ndi tomato zinatha, anthu oyandikana n'kuyamba kutukwanizana, kukagumulirana matumba ndi makasu. Matemba anabwera chaka choyamba, anapeza njira yotseka, anabwerera. Chaka chachiwiri anabwera ochepa. Tsopano mwana wa m'mudzi muno ukamuonetsa mono amayesa khola la nkhuku. Ndipo kuti madzi aoneke obiriwira pamaso pa alendo amathiramo zitosi matumbamatumba, fungo lake mumalidziwa, ndi udzudzu wake womwe.

Bwana uja anapambana, anapita, sitinamuonenso. Chisankho chotsatira anagwa, kunalowa wa mtundu wina wa nsalu. Ndinati mwina uyu aphwetsa damu la mdani wake. Ndinadzinamiza. Anangotuma anyamata kukapenta chikwangwani, kufufuta dzina lija n'kulembapo lake, alamu anga n'kusintha chipewa. Andale amadana pa zonse, koma pa chinthu chooneka kuchokera pamsewu amagwirizana.

Tsono madzi onse omwe damu lija limamwa, mukuganiza amapita kuti? Ine ndinayamba kuona tikulambula kumanda. Pansi pa mibawa, pomwe kale tinkangosesa masamba ouma, panamera mlulu, udzu wa m'dambo. Chaka china ndinamva chule akulira masanasana pakati pa mitumbira. Mbawa waukulu uja unayamba kuuma kuchokera kunsonga. Ndinauza alamu anga, iwo anati ndi mvula yachuluka. Ndinati, "Alamu, galu wamkota sakandira pachabe." Anayang'ana kumbali. Inenso, kunena zoona, ndinkafuna kuti ikhale mvuladi.

Zinadzaonekera pa maliro a agogo anu aang'ono, a Felesiya, mng'ono wawo wa Edesi. Munalipo, koma inu munali kunyumba ya siwa, za kumanda anakubisirani. Kunali m'chilimwe ngati nthawi ya Edesi yomwe. Malo awo anali mzere womwewo, kungodumpha manda amodzi. Ife akuluakulu tinakhala pansi pa mtengo, anyamata akukumba. Piki anabwera nayo, koma sanaigwiritse. Khasu linkangolowa lokha. Atafika m'mawondo dothi linayamba kutuluka lakuda, lonyowa. Atafika m'chiuno ndinamva phokoso limene sindidzaliiwala, khasu likuti tchuwa, tchuwa. Mnyamata wina anatulutsa mutu nati, "Akuluakulu, tabwerani mudzaone kuno."

Tinapita. Madzi ankatuluka m'khoma la kumtunda, mbali ya kudamu, timitsinje ting'onoting'ono tikutsetsereka, obiriwira, ndi fungo lija la zitosi. Anaitanitsa ndowa. Awiri akukapa, awiri akukumba, madzi osagonja. Mtembo unali utanyamuka kale kunyumba, nyimbo zikumveka m'njira, panalibe kochitira. Anatsitsa bokosi. Ana inu, bokosi linakana kukhala pansi. Linayandama, likutembenuka pang'onopang'ono, kumutu kukuloza uku ndi uku. Amayi anasiya nyimbo pakati. Abusa anatseka buku. Mpaka anyamata anakatola miyala n'kusanjika pamwamba pa bokosi, mnzawo atalipondereza ndi mtengo, kuti dothi lipeze pogwera.

Anthu ankalirira a Felesiya. Ine maso anga sanali pamenepo. Ndinkayang'ana mtumbira wa Edesi, poteropo, utatitimira pakati, mlulu utamera kumutu. Nkhadze yanga pambali pake inali itachita chikasu. Ndinaima pamenepo n'kumawerenga zaka zimene damu lija lakhala likumwa madzi. Ine ndinkagona pouma, kufunda bulangete, kumathokoza Mulungu chifukwa cha fumbi lija, pomwe mkazi wanga ali m'madzi oyenda, yekha, wopanda womugwira dzanja. Madzulo ake anabweretsa makumba pachakudya cha pamaliro, ndinangoti ndione mbale, n'kutuluka panja kukasanza. Ndikudziwa kuti nsomba iyi yachokera kumadamu akale osalakwa, Tamala. Mutu umadziwa, koma pakhosi sipamva zimenezo.

Maliro atatha kunali msonkhano. Ndinati basi, lero aphwetsa. Anagwirizana zotseka manda. Damu likhale, manda asamuke. Anapatula malo atsopano kumtunda kwa phiri, pamiyala, ndipo anati kumanda akale kusaikidwenso munthu. Ndinaimirira, ulendo uno osakweza dzanja. Ndinati, "Inu anthu, amene wabwera mochedwa ndani, damu kapena amayi anu? Tsekani ngalande imodzi yokhayi, pansi paume. M'damumo simudya, mumangojambulitsa." Panalibe wonena za mwendo wa mkamwini tsiku limenelo. Koma ngalande sanaitseke.

Alamu anga anandipeza kuno mawa lake, anakhala pomwe wakhala iwepo, Limbani, chipewa chili m'manja. Anakalamba tsiku limodzi munthu uja. Anati, "Alamu, mukuyesa ine ndimagona? Muli mlongo wanga mmuja, muli amayi anga ondibereka. Koma ndikatseka ngalande ija, damu liuma, chikwangwani chili pamsewu, mawa bwana amva kuti kwa Malemia amuchititsa manyazi. Mudzi uno autcha wotsutsa. Makuponi a feteleza adutsa, mjigo ukawonongeka sabwera, mbewu ya nsomba ya madamu akale yomwe atimana. Ndisankhe akufa kapena ana awa?"

Ndinafuna kuwatukwana, mawu ndinali nawo okwanira. Koma ndinayang'ana pabwalo, iwe Tamala ukubwera kumjigo ndi ndowa pamutu, ndipo ndinameza. Wandale uja anatimanga pamalo oti ukamasula mwendo wamanga khosi. Ndinangofunsa chimodzi. Ndinati, "Nanga mawu anu aja, oti ndidzagona pambali pake?"

Iwo anati, "Mawu anga sindinabweze. Ine sindidzaletsa. Koma okumba a m'mudzi muno analumbira kuti kuja sadzapondakonso. Mukapeza okumba anu, alamu, malo ndi anu."

Ndiye mwaona pomwe nkhani yafika. Abale anga a ku Naisi anabwera mwezi wathawu, akuti, "Malume, zimenezi ndi zamanyazi, tidzakutengani mukagone kwa amayi anu." Amanu a Lusiya akuti adzandiika kumanda atsopano, adzawaka ndi simenti ndi matailosi, pouma, poona chigwa chonse. Onsewo akundifunira zabwino, ndipo tsiku limenelo adzakangana mokweza, aliyense ndi chikondi chake. Ine ndidzakhala ndili chigonere m'nyumbamo, thonje m'mphuno, wopanda pakamwa. N'chifukwa chake ndakukhazikani pansi inu, ndikadali ndi mpweya.

Musandiyang'ane choncho. Ndikudziwa kuti wakufa samva kuzizira, abusa anandiuza kale, ndipo sindikutsutsa. Mzimu wa Edesi uli kwa Mwini wake. Koma ine ndine munthu wa njinga ndi dengu, za kumwamba ndimazisiyira odziwa. Chimene ndikudziwa n'choti ndinauza mwana wa eni ake kuti sindimutaya, ndipo iye anakhulupirira mpaka tsitsi kuyera. Ndikapita kukagona pa matailosi kuphiri, iye ali m'madzi kumunsi, ndiye kuti ndawoloka ndekha.

Limbani, manja akowo ndimawaona ukamakankha njinga yako pamatope. Uli ndi anzako a pa siteji, aja mumadya nawo chipisi. Udzawapemphe. Mudzatenge makasu ndi ndowa zambiri, piki musadzavutike nayo. Musadzakumbe mozama, madzi sadzakulolani, mukadzafika m'chiuno basi. Mudzakumbe mtembo utayandikira, chifukwa dzenje likadikira limadzaza. Iwe Tamala, pakamwa pako ndi pa agogo ako enieni, ndimakumva ukamazazira ana a eni. Tsiku limenelo udzaime pakhomo, a ku Naisi akadzayamba zawo, amako akadzayamba kulira za matailosi, udzanene kuti agogo anatiuza tili awiri, masana, akusenda nafe chinangwa, mutu uli bwinobwino. Dothi lino ndi lako, adzakumvera.

Pukuta m'maso, ungadetse chinangwa. Nsombayo idyani inu, musaitaye, amanu anaivutikira. Ndipo mukadzakula n'kumva galimoto ikuimba nyimbo pamsewu, munthu akulonjeza chinthu chachikulu choonekera patali, mudzayambe mwafunsa kuti madzi ake azipita kuti.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi musadzalakwitse. Nkhadze ija musadzaifune, inavunda. Ndiponso ndinaidzala mbali yolakwika, ya kumunsi, poti nthawi imeneyo kunali kouma ndipo mbali inalibe kanthu. Sabata yatha ndinapita ndi ndodo yanga, ndinagubuduza mwala woyera, ndauika mbali inayo, ya kudamu, komwe madzi akuchokera. Pamwalapo ndi pomwe mudzakumbe, moyandikana ndithu, mapewa ogundana. Bokosi likadzakana kukhala pansi musadzachite manyazi, sanjikanipo miyala, ine sindidzamva kulemera. Koma mudzandiike kumtunda, kuti madziwo aziyamba amenya ine. Agogo anu sanawolokepo okha.